Lipoti la 303 ya 1943 yomwe imabalalitsa zipolopolo: zomwe tinapeza ndi zomwe tinakonza

Mfuti yake ndi Lee-Enfield No.4 Mk I, ija tonse timangoti 303, yopangidwa mu 1943 ku fakitale ya Maltby ku England. Inabwera pa shopu pathu kuno ku Limpopo ndi mwini wake, mnyamata amene amagwira ntchito pa famu ya malalanje ndipo amasakako nswala ndi njiri nyengo yozizira. Anaigula motchipa kwa mdala wina amene amasiya zosaka, layisensi inatuluka bwinobwino, nde anaganiza kuti ikhale ntchito yake ya pa weekend, aziyikonza pang'onopang'ono kunyumba. Dandaulo lomwe anabwera nalo linali loti pa mamita 100 zipolopolo zikungobalalika, china mmwamba china pansi moti pepala la A4 silimakwana, ndipo mfuti ikayamba kutentha zimanka zikwererakwerera. Iyeyo anali atagamula kale kuti mpope watha, amangofuna timuuze mtengo wosintha mpope, kudula thabwa lakutsogolo lija kuti ipepuke, ndi kuboola mabowo omangirapo scope, galasi lija loyandikitsa chomwe ukuloza.

Ine pa shopupo gawo langa ndi matabwa, kutsuka ndi kuyeza. Zokhudza lathe, makina osemera zitsulo, ndi kusayina mapepala amapanga abwana anga, iwowo ndi amene ali ndi layisensi ya gunsmith, kutanthauza wokonza mfuti wovomerezeka. Ndikutchula zimenezi dala chifukwa kuno ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la 2000 silimulola munthu wamba kusintha caliber (saizi ya chipolopolo chomwe mfuti imawomba), kusintha kutalika kwa mpope kapena kukhudza nambala ya mfuti, ngakhale mfutiyo ili yakeyake. Zomwe anthu amaonera pa YouTube, azungu aku America akucheka mfuti zakale zaku Russia za Mosin-Nagant mu galaja mwawo, zimatheka kwawo komweko chifukwa malamulo awo ndi ena. Kunoko munthu wokonda zimenezi malire ake ndi kutsuka, kusamala thabwa, kusintha tizipangizo ting'onoting'ono tomwe timangomasulidwa ndi sikuludiraiva, zinazo azipita nazo kwa oyenera.

Tisanamasule sikuluwu ngakhale imodzi timayamba tawerenga zolembedwa pa chitsulo, chifukwa mfuti za nkhondozi mbiri yake yonse ili pomwepo. Kumanzere pa chitsulo chomwe thako la mfuti limalowamo panali M ndi chaka 1943, chizindikiro cha Maltby. Mafakitale ena aku England omwe amapanga No.4 anali Fazakerley ku Liverpool ndi BSA ku Shirley, kenako Long Branch ku Canada ndi Savage ku America, ya Savage ambiri mumaidziwa chifukwa imalembedwa U.S. PROPERTY. Pamwamba panali U wokhala ndi kamuvi mkati mwake, kusonyeza kuti inali ya asilikali a Union of South Africa. Nambala ya pa chogwirira cha bolt, chitsulo chija chomwe chimakankha chipolopolo nkuchitsekera kumbuyo kwa mpope, imafanana ndi ya pa thupi la mfuti, chimene ndi chinthu chachikulu kwambiri pa Lee-Enfield chifukwa bolt iliyonse amachita kuikhazika pa mfuti yake. Magazini nambala inali ina koma zimenezo sizitidetsa nkhawa bola ikukweza zipolopolo bwino. Chomwe timasaka ndi maso onse ndi zilembo DP, zomwe amadinda pa mfuti zomwe asilikali anazichotsa pa gulu la zowombera nkuzisiya kuti zikhale zoperetera basi. Mfuti ya DP siwomberedwa, kaya ikuoneka yokongola bwanji, ndipo iyi inalibe.

Apa ndipatukeko pang'ono. Ineyo ndikagwira 303 sindimaiona ngati chitsulo wamba chotchipa ayi, chifukwa mtundu umenewu ndi womwe asilikali a KAR (King's African Rifles) ochokera ku Nyasaland ananyamula mpaka ku Burma mu 1944, ndipo kwathu akuluakulu ambiri akamati mfuti ya boma amanena yomweyi. Nde munthu akabwera ndi yamphumphu, matabwa onse alipo, nkumati tiicheke, mtima wanga sukhala mmalo. Koma mfuti ndi ya mwini wake, ine changa nkumuonetsa zomwe ndapeza basi.

Chinthu choyamba chomwe tinaona ndi chakuti mnyamatayu anali atasintha kale mutu wa bolt. No.4 ili ndi ubwino wakuti mutu wa bolt umamasulidwa ngati nati, ndipo amabwera mmanambala 0, 1, 2 ndi 3, nambala ikamakwera mutu umatalikirako pang'ono, cholinga chake chinali choti wokonza mfuti wa ku usilikali azitha kukonza headspace osachotsa mpope. Headspace pa 303 ndi mpata womwe mkombero wa kumbuyo kwa chipolopolo umakhalamo, pakati pa nkhope ya bolt ndi kumbuyo kwa mpope. Iyeyu anabwereka geji yoyezera mpata umenewu kwa mnzake, ya 0.067 inchi yomwe amagulitsa mmashopu potsata muyezo waku America, bolt inatsekeka pa gejiyo nde anachita mantha kuti mfuti imuphulikira kumaso, nkukagula mutu wa nambala 3 pa intaneti. Koma muyezo womwe mfutizi zinapangidwira ndi wa asilikali aku Britain, bolt itsekeke pa 0.064 ndipo ikane kutsekeka pa 0.074. Titabwezeretsa mutu wake wakale wa nambala 1, womwe mwamwayi anabwera nawo mu thumba, tinayeza ndi mageji athu mosakakamiza, ndi chala chimodzi basi, pa 0.064 inatsekeka, pa 0.074 inakana patali. Mfuti inalibe vuto la headspace nkomwe.

Mutu wa nambala 3 uja ndi womwe unali wolakwika. Bolt imachita kufinyidwa kuti itsekeke pa chipolopolo chatsopano, ndiponso ukaumanga mpaka kumapeto umadutsa mzere wa bolt kwambiri, pomwe sufunika kudutsa madigiri 20, chifukwa ukadutsitsa mphamvu ya kuwomba imagwera pa mazinga a sikuluwu mmalo mogwera pa mapewa a bolt. Komanso anzanga dziwani kuti manambala amenewa si muyezo weniweni, mitu iwiri yolembedwa 2 imatha kusiyana kutalika, pena nambala 1 wina amaposa nambala 2 wina, nde timayeza ndi micrometer osati kungowerenga nambala. Tinayezanso kutuluka kwa nsonga ya firing pin, kansingano kamene kamamenya chipolopolo kuti chiphulike, imafunika ikhale pakati pa 0.040 ndi 0.050 inchi, inali momwemo. Tinapaka inki ya buluu pa mano awiri otsekera bolt, omwe pa Lee-Enfield ali kumbuyo osati kutsogolo ngati pa Mauser, onse awiri amagunda mofanana. Mbali ya bolt inathera pomwepo, sitinagule kalikonse.

Mpope poyang'ana koyamba unalidi womvetsa chisoni, wakuda bii mkati, ukaunika ndi tochi kumangooneka ngati ubweya. Zimenezi pa 303 sizachilendo. Zipolopolo zakale za asilikali zinali ndi primer (kabatani ka kumbuyo kwa chipolopolo koyatsa onga) yomwe ikapsa imasiya mchere mu mpope, mcherewo umakoka chinyezi ndipo dzimbiri limayamba usiku womwewo, nchifukwa chake asilikali amathira madzi owira mu mpope akamaliza kuwomba, mafuta okha sasungunula mchere umenewu. Alenje ambiri omwe anagula zipolopolo zotsala ku nkhondo motchipa samadziwa zimenezo, amangopaka mafuta nkupachika. Ife tinayamba ndi madzi owira omwewo, kenako burashi yamkuwa ndi mankhwala ochotsa mkuwa wotsalira, kusiya kuti alowerere, kupukuta, kubwerezanso, nsalu zimatuluka zakuda kenako zabuluu kenako zofiirira mpaka zinayamba kuyera. Nthawi zonse ndodo yotsukira imalowera kumbuyo, bolt itachotsedwa, kuti tisawonjezere kuperesa kukamwa. Utayera tinapeza kuti ndi mpope wa mizere iwiri, ija amapanga nthawi ya nkhondo pofuna kufulumira mmalo mwa mizere isanu ya nthawi zonse. Anthu amainyoza ya mizere iwiri koma imawomba bwinobwino. Timaenje ta dzimbiri tinatsala ndithu, timeneto sitichoka, koma mizere inali yakuthwa kuchokera pakati mpaka kutsogolo. Chakumbuyo pomwe chipolopolo chimayambira kugwira mizere ndi pomwe panali poperepeseka, ntchito ya cordite, onga wakale uja woyaka motentha kwambiri.

Tinakankhamo kachidutswa ka mtovu wofewa kuti tidziwe kukula kwenikweni kwa mkati, kanatuluka 0.313 inchi. Zipolopolo za 303 zambiri ndi 0.311 kapena 0.312, nde apa ndi pomasuka pang'ono koma pa mfuti ya nthawi ya nkhondo sizodabwitsa. Vuto lenileni la mpope linali kukamwa. Asilikali amatsuka ndi chingwe chokoka chija, ndipo munthu akamakoka mopendekera zaka ndi zaka chingwe chodzadza mchenga chimadya mlomo wa mpope mbali imodzi. Apa panali podyeka chakumanja, moti ndi galasi lokulitsa umaona mzere ukuthera panjira usanafike kunja. Mlomo ukakhala wosafanana mpweya wotentha umatulukira mbali imodzi msanga chipolopolo chikamachoka nkuchikankha. Abwana anauika pa lathe nkudula crown yatsopano, ndiye kuti mlomo wa mpopewo, anangosenga pang'ono kwambiri mpaka mizere yonse iwiri inafika kunja mofanana, mano omangira bayoneti sanakhudzidwe. Mpope womwe mnyamata uja amafuna kutaya unangofuna zimenezo basi.

Tsopano thabwa, komwe kunali nkhani yonse ndipo ndikhalitsapo. Nditangogwira mfutiyi ndisanamasule, ndinagwira thabwa lakutsogolo nkulikankha kutsogolo ndi kumbuyo, limayenda. Pang'ono zedi koma chala chimamva. Pa Lee-Enfield thabwa lili pawiri, thako palokha lomangidwa ndi bawuti yaitali, lakutsogolo palokha, ndipo lakutsogolo limagwidwa ndi sikuluwu imodzi yaikulu ya kutsogolo kwa magazini, kuphatikiza malo awiri ang'onoang'ono mkati chakumbuyo omwe amatchedwa draws. Pamenepo ndi pomwe timapewa tiwiri ta chitsulo cha mfuti timatsamira pa thabwa nkulikanikizira kumbuyo kuti likhale nganganga. Ma draws akaphwanyika chitsulo chonse pamodzi ndi mpope chimakhala pamalo pena chipolopolo chilichonse, nde kaya mpope ndi watsopano wochokera ku fakitale palibe chomwe ungalase. Zili ngati khasu loti mpini ukugwedera, unganole bwanji mzere suwongoka.

Titachotsa thabwalo, ndipo limachotsedwa poligogoda chakumbuyo kuti litsike mowongoka, osalikoka kutsogolo ngati ukutsegula chitseko chifukwa ndi mmene anthu amaphwanyira ma draws, tinapeza kumbuyo konse kuli kwakuda, konyowa ndi mafuta a zaka makumi ambiri. Mfuti ikamaimikidwa mu sefa kukamwa kuli mmwamba mafuta onse omwe mwapaka pa bolt amatsetsereka nkulowa mu mtengo, mtengo umafewa ngati siponji. Ma draws onse awiri anali ophwanyika, lakumanzere ndimachita kulikumba ndi chikhadabo. Panalinso mng'alu woyambira pa bowo la sikuluwu yaikulu kupita kumbuyo. Kachitsulo kozungulira komwe sikuluwu yaikuluyo imadutsamo kanalipo koma poti mtengo unaphwatalala, sikuluwu imamangika pa kachitsuloko thabwa lisanafinyike, nde munthu amamva ngati wamanga kwambiri chonsecho thabwa lili lendelende. Izi zinafotokozanso dandaulo lina lomwe mnyamatayu anangolitchula modutsa, loti trigger pena imabwera kawiri pena kamodzi. Pa Mk I trigger imapachikidwa pa chitsulo chotchinga trigger chomwe chimakhala pa thabwa, nde thabwa likasintha trigger nayo imasintha. Vuto limeneli a ku Britain analidziwa, nchifukwa chake pa Mk 2 ya 1949 anaisamutsa nkuipachika pa thupi la mfuti lenileni.

Kutsogolo nako kunali nkhani ina. Mnyamatayu anamva kuti mfuti yolasa bwino mpope wake usamakhudze thabwa paliponse, nde anakulunga sandipepa pa ndodo nkupala ngalande yonse mpaka kunsonga. Pa mfuti zamakono zosakira nzoona zimenezo, koma No.4 anaikonza mwina. Mpope wake umayenera kukhala pa thabwa chakumbuyo pomwe uli wonenepa, pakati ponse usakhudze, kenako kunsonga ugonenso pa thabwa ndi kulemera kwina kwake, moti pounyamula kuti usiyane ndi thabwa pamafunika mphamvu ya makilogalamu awiri kapena kuchepera pang'ono, ndipo ukausiya ubwerere pakatikati pomwe unali. Kugona kumeneku ndi komwe kumaletsa mpope kunjenjemera mosalongosoka. Iyeyu anapala pogonera paja, mpope unatsala ukulendewera mkati mwa matabwa ndi malamba achitsulo, ukatentha umagunda thabwa lapamwamba, nde zipolopolo kumakwera. Sindikumunena, anachita zomwe anamva ndipo anazichita mwaukhondo, kungoti malangizowo anali a mfuti ina.

Kukonza kunayamba ndi kuchotsa mafuta, chifukwa guluu sagwira pa mtengo wamafuta ngakhale atakhala wodula chotani. Ndimapaka phala la choko wosakaniza ndi acetone, kuliika pa dzuwa, choko amayamwa mafuta nkusanduka wachikasu, kupukuta, kupakanso, mpaka mtengo utasiya kutuluka thukuta ukatenthedwa. Pamafunika kudekha apa, ukafulumira mafuta amabweranso pansi pa guluu. Osaliviika mmadzi kapena kuliika mu uvuni, thabwa lalitali ngati limeneli likapindika ndiye kuti latha. Litauma ndinatsegula mng'alu uja pang'ono, kulowetsamo epoxy, kumanga, nkupingasa kamtengo kozungulira mkati kuti usadzatsegukenso. Ma draws ndinawadula onse ndi tchizulo mpaka kufika pa mtengo wamoyo, nkuikamo tizidutswa tiwiri ta mtengo wolimba, mizere ya mtengo italoza komwe mphamvu ikuchokera, kumata ndi kukhoma timitengo kuchokera pansi. Umu ndi mmene okonza mfuti a ku usilikali amachitira, ukatsegula mfuti zambiri zolembedwa FTR, zomwe zinabwerera ku fakitale kukakonzedwa, uzipeza zigamba zoterezi. Ena masiku ano amangodzadza epoxy pamalopo, zimagwira ntchito sindikana, koma ine pa mfuti yamphumphu ndimakonda mtengo chifukwa wobwera pambuyo panga adzatha kudula nkukonzanso.

Tizidutswato timasiyidwa tonenepa dala, kenako ntchito yeniyeni ndi yopala pang'onopang'ono. Umadetsa chitsulo ndi mwaye wa kandulo, kulowetsa thabwa, kuchotsa, kuona pomwe mwaye wadinda, kupala pamenepo pokha ndi tchizulo chakuthwa, kubwerezanso, mpaka mbali zonse ziwiri zikudinda mofanana ndipo thabwa likulowa mothina moti umachita kulimenya ndi chikhatho. Mbali imodzi ikathina kuposa inzake thabwa limapotoka ndipo kunsonga mpope umakankhidwira kumbali, nde ndimayang'ana kunsonga nthawi iliyonse ndikalowetsa. Apa palibe makina, ndi maso ndi manja basi, ndipo ndi gawo lomwe munthu wokonda ntchito ya manja angathe kuphunzira kunyumba ngati ali ndi mtima wodikira. Kachitsulo ka sikuluwu yaikulu ndinakafupikitsa pang'ono ndi tupa kuti sikuluwu iyambe yafinya thabwa kenako nkumangika pa chitsulo. Kunsonga ndinadula kabokosi mu ngalande, kumatamo chigamba cha mtengo, nkuchipala mozungulira mpaka mpope unagona pakati, ndikuyeza ndi sikelo ya sipuling'i ija timayezera nsomba. Matabwa awiri apamwamba ndinaonetsetsa kuti sakukhudza mpope paliponse. Titamanga zonse trigger inabwerera yokha, koyamba kofewa kenako kuima nkudula bwinobwino, sitinakhudze ndi tupa chitsulo chake chilichonse, ndipo ndikupempha aliyense amene ali ndi mfuti yotere kuti asamapale mano a trigger kunyumba, mfuti yowomba yokha ikagwa imayambira pamenepo.

Kunja kwa thabwa ndi komwe zina sizinabwezeke. Thako anali atalipala kale ndi sandipepa nkulipaka vanishi wonyezimira wa mipando. Vanishi ndinamuchotsa ndi mankhwala osungunula penti, zimenezo sizinavute, koma mtengo womwe sandipepa anadya sungabwerere, zidindo zonse za pa thako zinafufutika ndipo pomwe thabwa limakumana ndi chitsulo latsika, chitsulo chikuonekera mmwamba pomwe poyamba mtengo ndi umene umaposa pang'ono. Lakutsogolo mwamwayi kunja anali asanaliyambe. Mabala ophwanyika ndinawadzutsa ndi nsalu yonyowa ndi simbi yotentha, nthunzi imafufumitsa mtengo wophwanyika bola ulusi wake usaduke, oduka ndinangowasiya, ndi mbiri ya mfutiyo. Kenako mafuta a linseed, omwe ndi omwe asilikali amapaka, pang'ono pachikhatho, kutikita mpaka mtengo utenthe, kupukuta otsala, kusiya uume, mawa lake chimodzimodzi. Nsalu zomwe mwapukutira linseed musaziunjike mu bini, zimatha kuyaka zokha, ziyanikeni panja kapena ziviikeni mmadzi. Chitsulo kunja sitinachipake chilichonse chatsopano, tinangochotsa dzimbiri lapamwamba ndi waya wofewa kwambiri ndi mafuta.

Za scope tinakambirana nthawi yaitali ine, abwana ndi mwini wake. Ndinamuuza kuti achimwene, mukaboola mabowo pa thupi la mfutiyi simudzawatsekanso, ndipo mtengo wake kwa osonkhanitsa mfuti zakale utsika tsiku lomwelo. No.4 zokhala ndi scope zinaliko nthawi ya nkhondo, No.4 (T), zambiri zinakonzedwa ndi kampani ya Holland & Holland ku London pogwiritsa ntchito mfuti zosankhidwa, koma imeneyo ndi nkhani ina, kuboola yanu sikuipanga kukhala (T). Pali zomangira scope zosaboola zomwe zimagwira pa pini ya sight yakumbuyo, kachitsulo kolozera kaja, ndi pa sikuluwu ya ejector yomwe imataya chikhungwa cha chipolopolo mukawomba, mukatopa nazo mumangomasula mfuti nkubwerera mwakale. Ndipo ngati chomwe mukufuna ndi mfuti yopepuka yodulidwa, kuno ma 303 odulidwa kale ndi mbwee, alimi anadula ambirimbiri zaka zapitazo, ena mpaka anawasintha kukhala 6mm Musgrave yomwe ndi kesi (chikhungwa cha chipolopolo) ya 303 yomweyo yochepetsedwa khosi, nde gulani imodzi mwa amenewo muziseweretsa mmene mungafunire, iyi yafika zaka zoposa 80 ili yamphumphu isiyeni. Anavomera kuti tiyambe tayesa ndi ma sight ake achitsulo kaye.

Ku malo owombera zoyamba tinawomba mfuti itamangidwa pa benchi, kenako kuyang'ana makesi. Anatuluka otupa pang'ono chakumbuyo mbali imodzi, zomwe pa Lee-Enfield ndi zachizolowezi chifukwa chipinda cha chipolopolo anachipanga chomasuka kuti zipolopolo zamatope zizilowabe ku nkhondo, panalibe mzere wowala wosonyeza kuti kesi ikufuna kuduka, ma primer ali bwinobwino. Ndinamuchenjeza kuti akadzayamba kudzadzanso makesi yekha asamawabwezere ku saizi ya fakitale ulendo uliwonse, azingofinya khosi lokha, apo ayi makesi a 303 amaduka msanga chakumbuyo. Tinayesa mitundu iwiri ya zipolopolo. Zosongoka kumbuyo zija zimabalalikabe ndipo zina zimaboola pepala mopendekera pang'ono, zimenezi ndi chifukwa cha kuperepeseka kwa kumbuyo kwa mpope kuja, mpope wodyeka ndi cordite sumagwirizana nazo kawirikawiri. Za thako lafulati za magireni 174, kulemera komweko kwa chipolopolo cha asilikali cha Mk VII cha 1910, zinasonkhana malo oti ungaphimbe ndi dzanja lotambasula pa mamita 100, ndipo mpope utatentha sizinakwere. Pa mfuti ya 1943, ma sight achitsulo, mpope wa timaenje, ife tinakhutira, kwa nswala pa mtunda womwe amasakira mu tchire la kuno nzokwanira.

Zimagunda mmwamba ndithu, koma chifukwa chake chinali chodziwika. Mfutiyi ili ndi sight yakumbuyo yotchipa ya nthawi ya nkhondo, ija yopindika ngati L ya mabowo awiri, limodzi la mayadi 300 lina la 600, nde pa mamita 100 iyenera kukweza basi. Tinasintha kampeni ka sight yakutsogolo nkuikapo kakatali, timeneti timabwera mmasaizi osiyana ndi 0.015 inchi ndipo nambala imalembedwa pa tsinde pake, zinatsika nkufika pamwamba pang'ono pa pomwe ukuloza, pomwe mlenje amafuna.

Pa ndalama ndinene chilungamo, ntchito yathu inadutsa mtengo womwe anagulira mfutiyo, ngakhale sitinagule chitsulo china kupatula kampeni ka sight. Umu ndi mmene zimakhalira ndi mfuti zotchipazi, kugula nkotchipa koma maola a munthu ndi omwe amadula, nchifukwa chake ndimati amene akufuna kulowa mu zimenezi aphunzire yekha mbali ya thabwa ndi kutsuka, kwa gunsmith azipita kukayezetsa headspace asanawombe koyamba ndi pa ntchito ya lathe. Akanasintha mpope monga amafunira akanalipira kuposa pamenepa, mapepala aku polisi akanamudikiritsa, ndipo mfuti ikanabalalitsabe chifukwa ma draws akanakhala omwewo.

Zomwe zatsala ndi izi. Mpope wa timaenje umagwira mkuwa msanga nde azitsuka pafupipafupi, ndipo akapeza zipolopolo zakale za asilikali azithira madzi owira tsiku lomwelo. Mu sefa aziimika kukamwa kuli pansi kapena azichepetsa mafuta pa bolt kuti asalowenso mu zigamba zatsopano. Sikuluwu yaikulu aziyiyesa asanapite kosaka koma asamachotse thabwa popanda chifukwa, kuchotsachotsa ndi komwe kumamasula ma draws. Tamuuza abwere nayo mvula ikatha kuti ndidzayezenso kugona kwa mpope kunsonga, chifukwa chigamba chatsopano ndi mtengo wakale zimamwa chinyezi mosiyana ndipo nkutheka padzafunika kupala pang'ono. Panopa akusaka sight yakumbuyo ya Mk I yeniyeni, ija ya sikuluwu yoyambira mayadi 200 mpaka 1300, ikapezeka imalowa pa pini yomweyo popanda kuboola, tidzangoyezanso kampeni kakutsogolo. Za scope wati aganiza akamaliza nyengo imodzi yosaka ndi ma sight achitsulo.